Mpando wa kutsogolo kapena wa kumbuyo? Kuyerekeza njira zogulira antchito matikiti a ndege

Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje sathera pa okushoni ya ku Limbe. Ogula akuluakulu ali ku South Africa ndi ku Britain, makademiya amapita kutali kuposa apo, ndipo nthawi ndi nthawi pamafunika kuti wina wa pa esiteti, wa ku bungwe la alimi ang'onoang'ono kapena wa ku bungwe lachitukuko anyamule chikwama, adutse pa Bvumbwe kapena mu msewu wa Midima, akakwere ndege pa Chileka. Ena amapita ku chionetsero cha Gulfood ku Dubai, ena ku Anuga ku Cologne, ena kukangoonana ndi wogula mmodzi amene akukayikakayika za kontirakiti ya chaka chamawa. Zoti munthu apite sizivuta kugwirizana. Mkangano umabuka pa mpando. A ku akaunti amafuna tikiti yotsika mtengo, wopitayo amati sangakalankhule zanzeru atagona chokhala usiku wonse, ndipo pansi pa mtima ali ndi nkhani ina imene saitchula pa msonkhano, ya khadi lake la siliva kapena la golide, lija makampani a ndege amapatsa okwera pafupipafupi, limene latsala pang'ono kutha mphamvu.

Mkanganowu wakula chifukwa ndalama yathu yafooka. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, pamene mitengo ya matikiti akunja imatsatira dola. Mwezi womwewo a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anaimitsa kaye maulendo akunja a akuluakulu a boma pofuna kupulumutsa ndalama. Dola iliyonse imene esiteti yawononga pa mpando ndi dola imene ikanagula feteleza, dizilo kapena chitsulo cha makina a ku fakitale. Koma pali chinthu chinanso chimene ambiri kuno sanachizindikire: makampani a ndege asintha kawerengedwe ka makhadi aja, ndipo kusinthaku kukukhudza thumba la olemba ntchito mwachindunji.

Zimene zasintha pa makhadi

Kuyambira 1981, pamene American Airlines inayambitsa pulogalamu yake ya AAdvantage, mfundo inali yoti amene wauluka mtunda wautali ndiye apatsidwe ulemu. Kwa ife zimenezi zinali zabwino, popeza kulikonse kumene Mmalawi amapita pa ndege nkutali. Munthu ankatha kukwera kumbuyo chaka chonse ndi matikiti otchipa, nkupezabe khadi lomulowetsa m'chipinda chodikirira cha olemekezeka, lomulola chikwama chowonjezera ndi kuyamba kukwera.

Tsopano makampani akuluakulu akuwerenga ndalama. Delta ya ku America inalengeza mu September 2023 kuti mulingo wa khadi uzidalira madola okha amene munthu wawononga. Anthu anakwiya kwambiri moti kampaniyo inatsitsako ziwerengero, koma mfundo sinasinthe: khadi la Silver madola 5,000 pa chaka, la Gold 10,000, la Platinum 15,000, la Diamond 28,000. British Airways inatsatira. Kuyambira pa 1 April 2025 pulogalamu yake inasintha dzina kuchoka pa Executive Club kukhala The British Airways Club, ndipo paundi imodzi ya mtengo wa tikiti, kupatula misonkho ya boma, imapereka pointi imodzi. Bronze imafuna mapointi 3,500, Silver 7,500, Gold 20,000. Tangoganizirani munthu amene amapita ku London katatu pa chaka, tikiti iliyonse itakhala ya mapaundi 1,000: Silver saifika, Gold sailota nkomwe. Lufthansa nayo kuyambira 2024 imapereka mapointi potengera kalasi imene mwakwera, ndipo pa ulendo wautali wa business class (mipando yodula ya kutsogolo) amapata mapointi oposa katatu a amene wakwera economy (mipando yotchipa ya kumbuyo).

Wina anena kuti ndege za makampani amenewa sizitera pa Chileka kapena pa Kamuzu. Nzoona, koma timakumana nazo pa Johannesburg, ndiponso a kuno kwathu sanakhale chete. Kenya Airways inachoka mu pulogalamu ya Flying Blue ya KLM ndi Air France nkuyambitsa yakeyake ya Asante Rewards mu 2023. Airlink ya ku South Africa ili ndi Skybucks. ShebaMiles ya Ethiopian Airlines imawerenga mamayilosi (mapointi a mtunda umene mwauluka) ndi chiwerengero cha maulendo, komabe tikiti yotchipa kwambiri imapereka mamayilosi ochepa poyerekeza ndi yodula, ngakhale nonse mwakhala mzere umodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna akuluakulu a makampani atchere khutu. Kale wantchito wofuna khadi ankangofunika kuuluka. Lero khadi limabwera ndi tikiti yodula, ndipo wolipira tikitiyo ndi kampani, pamene khadi limalembedwa dzina la munthu. Zofuna za awiriwa zasiyana njira. Wantchito safunika kukhala wakuba kuti ayambe kuona ubwino wa tikiti yosinthika tsiku ngakhale tsiku la msonkhano lili lodziwika, kapena kukakamira kudzera ku Johannesburg pamene kudzera ku Addis Ababa kuli kotchipa. Ndi umunthu chabe, ndipo ine sindingamuweruze. Cholakwa chili pa kampani imene ilibe lamulo lolembedwa.

Business class ulendo wonse

Ubwino wake ndi weniweni, tisaupeputse. Pa ndege zikuluzikulu monga Airbus A350 ndi Boeing 787 mpando umatambasuka ngati bedi, ngakhale kuti pa zina zakalepo umatsala wopendekeka. Kawirikawiri mumaloledwa zikwama ziwiri za makilogalamu 32 m'malo mwa 23, zimene zimathandiza ngati mwanyamula zitsanzo za tiyi ndi makademiya zokaonetsa ogula. Tikiti yake imasinthika mosavuta. Mukafika mumakhala mutagonako.

Koma taonani kumene ndalamazo zikupita. Mtengo wake umakhala katatu kapena kuposa poyerekeza ndi economy, ndipo mbali ina ya ulendo mulibe bedi konse. Kuchoka pa Chileka kupita ku Johannesburg ndi maola awiri ndi pang'ono, pa ndege zazing'ono monga Embraer ya Airlink kapena Boeing 737 ya Malawi Airlines. Mpando wa kutsogolo m'menemo ndi wotakasuka pang'ono, chakudya nchabwinoko, basi. Kulipirira munthu business class popita ku Johannesburg, ku Nairobi, ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam, ine ndimakuona kukhala kuwononga, kaya munthuyo ndi wa udindo wotani. Ulendo wa pa galimoto kuchoka ku Muloza kukafika pa Chileka ungathe kumutopetsa kuposa ndegeyo.

Economy ndi tsiku lopuma

Njira iyi anthu amaiderera, chikhalirecho kwa ife ndi yamphamvu kwambiri, ndipo chifukwa chake chili pa wotchi. Nthawi ya ku Malawi imasiyana ndi ya ku London ndi ola limodzi kapena awiri, malinga ndi nyengo. Ndi ya ku Germany imasiyana ndi ola limodzi, ndipo miyezi ina imafanana ndendende. Munthu wochokera ku New York akafika ku Ulaya thupi lake limasokonezeka masiku angapo, osadziwa usana ndi usiku. Wochokera ku Thyolo vuto lake ndi tulo ta usiku umodzi tokha. Ndege za Ethiopian zopita ku Ulaya zimanyamuka ku Addis Ababa chapakati pa usiku nkufika m'mawa, ndipo za ku Johannesburg zopita ku London zimanyamuka madzulo nkuuluka maola pafupifupi 11. Tulo timeneto timabwezeka ndi usiku umodzi pa bedi lenileni.

Choncho werengani motere: tengani kusiyana kwa mtengo wa business class ndi economy, muyerekeze ndi mtengo wa usiku umodzi ku hotela kuphatikizapo alawansi ya tsiku limodzi. Nthawi zambiri hotela imapambana kutali, ngakhale ku London kumene zipinda nzodula. Chimene mumataya ndi tsiku limodzi la ntchito. Mu July, tiyi atachepa m'minda, tsiku limenelo silipweteka. Mu January kapena February, mvula ikugwa, masamba akubwera osalekeza ndipo fakitale ikugwira usana ndi usiku, kumusowa manejala wa fakitale tsiku lina lowonjezera kungakhale kodula kuposa mpando. Nyengo ya ulendo iyenera kulowa m'masamu.

Kum'mawa nkosiyana. China ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndipo ulendo wochoka ku Addis Ababa kupita ku Guangzhou ndi wautali. Kumeneko ngakhale wa business class amafunika tsiku lopuma.

Lamulo la maola

Mabungwe akuluakulu anatopa ndi mikangano yotere nkuika muyeso. Bungwe la United Nations mu 2013 linaika lamulo lolola antchito ake wamba kukwera business class ngati ulendo wa ndege imodzi ukufika maola 9, kapena maola 11 ngati pali kusintha ndege. Boma la America limayamba kuganizira zimenezi ulendo ukapitirira maola 14. Pa muyeso wa United Nations, ulendo wochoka ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa kupita ku London, womwe ndi maola pafupifupi anayi kuphatikiza pafupifupi 8, umadutsa. Maulendo onse a m'chigawo chathu chino sayandikira nkomwe.

Chimene ndimakondera lamuloli nchakuti limayang'ana msana wa munthu, osati udindo wake. M'makampani ambiri kuno lamulo limati bwana wamkulu ndi a bodi akwere kutsogolo, ena onse kumbuyo. Ndiye mupeza pa ndege imodzi bwana wa zaka 40 wagona pa bedi, pamene kumbuyo kuli mayi wa zaka 65, wapampando wa alimi ang'onoang'ono, amene akupita kukayankhula pamaso pa ogula m'malo mwa anzake masauzande, miyendo itatupa, ali pa mpando wapakati. Amene ogula akufuna kumumva mawa m'mawa ndi mayiyo. Zoterezi zimandiwawa, ndipo alimi kumudzi amazimva. Ngati ndalama zikukwanira mpando umodzi wokha, upite kwa amene ali ndi ntchito yolemera akangotsika, kapena amene dokotala wanena kuti thupi lake silingapirire.

Koma lamulo la United Nations musalikopere mmene lilili, thumba lawo si lanu. Ine ndingaike zinthu zitatu zoyenera kukumana pamodzi: ulendo ukhale wa usiku, chigawo chachitalicho chifike maola 7 kapena kuposa, ndipo munthuyo akhale ndi msonkhano tsiku lomwelo lofika popanda mwayi wonyamuka dzulo lake. Zikakumana zitatuzi, mugulireni business class popita pokha. Pobwerera akubwera kwawo, kulibe wogula amene akumudikira. Ma ejenti amatha kuphatikiza makalasi awiri pa tikiti imodzi, mungofunsa. Ndipo ndalama pang'ono mwa zimene mwapulumutsazo mulipire dalaivala wokamutenga pa Chileka. Munthu amene sanagone asayendetse yekha galimoto kukwera mapiri a Thyolo, makamaka miyezi ya chiperoni pamene nkhungu imatseka msewu.

A mabungwe oyendera thandizo la kunja, inu musanayambe nkomwe masamu amenewa werengani mgwirizano wanu. Opereka thandizo ambiri salola china chilichonse kupatula economy, ndipo owerengera ndalama akapeza tikiti ya kutsogolo mudzabweza nokha.

Premium economy

Iyi ndi kalasi yapakati. Pa British Airways, mwachitsanzo, mpata wa miyendo ndi mainchesi 38 pamene economy ndi 31, mpando ndi wotakasuka ndipo umapendekeka kwambiriko, koma sukhala bedi. Kwa munthu wamtali kapena wathupi ndi mpumulo waukulu pa mtengo wotsika ndithu poyerekeza ndi business class.

Vuto lake ndi loti ndege zotera m'Malawi zilibe kalasi imeneyi. Muyenera kudzera ku Johannesburg nkukwera British Airways, Virgin Atlantic, Lufthansa kapena KLM. Mmalawi safunika viza kulowa mu South Africa pa ulendo waufupi, ndiye kugonako usiku nkotheka, koma onetsetsani chinthu chimodzi: ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Mukagula matikiti awiri osiyana, ndege ya pa Chileka nkuchedwa, ya ku London ikakusiyani palibe amene ali ndi udindo wokupatsani ina. Mudzagula yatsopano pa mtengo wa tsiku lomwelo, ndipo phindu lonse lidzathera pomwepo.

Kugula zimene khadi limapereka

Tiyeni tione bwino zimene khadi la golide limapatsa munthu wokwera economy: kulowa m'chipinda chodikirira, chikwama chowonjezera, mzere waufupi, nthawi zina kusankha mpando kwaulere. Zambiri mwa izi zimagulitsidwa pazokha. Mpando wa pa khomo la ngozi, umene uli ndi mpata wotambasula miyendo, umagulidwa. Chikwama chowonjezera chimagulidwa. M'mabwalo ambiri a ndege muli zipinda zodikirira zolipira pakhomo kapena zolowera ndi khadi logula la Priority Pass. Makampani ena amatumiza uthenga masiku ochepa ulendo usanachitike kuti mutchule mtengo umene mungalipire kuti akukwezeni kalasi, ndipo ndege ikakhala yosadzaza umatsika ndithu. Izi sizodalirika, koma kwa amene amayenda kawiri kapena katatu pa chaka, kugula zinthu zimenezi chimodzichimodzi nkotchipa kwambiri kuposa kumusakira khadi. Kumbukiraninso kuti Ethiopian imapereka hotela ku Addis Ababa kwa amene akudikira ndege yotsatira maola 8 mpaka 24 ngati palibe ina yapafupi. Ambiri sadziwa, amagona pa benchi.

Kumamatira gulu limodzi

Kwa ochepa amene amayendadi pafupipafupi, monga wotsatsa malonda amene mwezi uno ali ku Nairobi, mwezi wamawa ku Dubai, khadi lili ndi phindu, ndipo lingabwere popanda kuwonjezera ndalama ngati maulendo ake asonkhanitsidwa pa gulu limodzi. Kwa munthu wa ku Thyolo ndi Mulanje, gulu losavuta ndi la Ethiopian. Ndege zake zimatera pa Chileka, kotero simufunika kukwera mpaka ku Lilongwe. Ili mu Star Alliance, mgwirizano wa makampani a ndege, kuyambira 2011, limodzi ndi Lufthansa, Turkish Airlines ndi South African Airways, ndiye khadi la golide la ShebaMiles limalemekezedwa ku makampani onsewo. Ilinso ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014, pamene boma lathu lili ndi 51. Kenya Airways ili mu mgwirizano wina wa SkyTeam pamodzi ndi KLM ndi Air France, yabwino kwa amene amapita kawirikawiri ku okushoni ya tiyi ya ku Mombasa kapena ku Amsterdam. Airlink ndi yothandiza ngati ogula anu ambiri ali ku South Africa, ndipo mu 2024 Qatar Airways inagulamo magawo 25 pa 100 alionse.

Malire ake akhale omveka: kumamatira gulu kuli bwino pokhapokha mtengo wake uli pafupi ndi wotsikitsitsa. Kampani iike chiwerengero chake, tinene 10 peresenti. Tikiti ya gulu lanu ikadula kupitirira apo, mugule inayo, khadi lidikire.

Pali chinanso chimene makampani ang'onoang'ono kuno sagwiritsa ntchito. Makampani a ndege ali ndi mapulogalamu a olemba ntchito, osiyana ndi a munthu payekha: On Business ya British Airways, PartnerPlusBenefit ya Lufthansa, Business Rewards ya Emirates, Beyond Business ya Qatar Airways. Kampani imasonkhanitsa mapointi ake pa maulendo a antchito onse, wantchito nkumapatabe akeake. Si pulogalamu iliyonse imene imalembetsa makampani a ku Malawi, choncho funsani ejenti wanu ku Blantyre imene ikutheka. Mapointi a kampani amenewo ndi amene angakweze mayi wapampando uja kupita kutsogolo popanda kutulutsa dola ina.

Mamayilosi ndi a yani?

Funso ili anthu amaliopa, koma ndi lofunika kulifunsa poyera. Ku Germany khoti lalikulu la nkhani za ntchito linagamula mu 2006 kuti mamayilosi opezeka pa maulendo a ntchito ndi a wolemba ntchito, ndipo angathe kulamula kuti agwiritsidwe pa maulendo a ntchito. M'makampani ambiri padziko amangowasiyira wantchito ngati chipukutamisozi cha masiku amene wakhala kutali ndi banja. Ine ndili mbali yowasiyira, chifukwa kulondoloza mamayilosi a munthu aliyense kumadya nthawi ndipo kumabala chidani. Koma ndikanawasiya pa mfundo imodzi: wosankha ndege ndi kalasi asakhale wokwerayo. Iye anene tsiku ndi ola limene ayenera kufika, wina ku ofesi atenge mitengo itatu kwa ejenti, asankhe motsata lamulo lolembedwa, ndipo lamulolo ligwire kuyambira kwa bwana wamkulu.

Kwa inu amene muli nawo kale mamayilosi, musawasunge ngati ndalama za ku banki. Ndi lonjezo chabe limene kampani ya ndege ingasinthe tsiku lililonse, monga taonera ku Delta ndi British Airways. Air Malawi inatha mu 2013. South African Airways inalowa m'mavuto a zachuma mu December 2019, kenako ndege zake zinaima mpaka September 2021, ndipo a makhadi ake a Voyager anangoti kakasi kudikira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mamayilosi akakwana, gulirani mwana tikiti ya ku sukulu kapena dzikwezeni kalasi pa ulendo wotsatira wa usiku.

Chomaliza nchokhudza nthawi yogulira. Masiku a zionetsero amadziwika kukadali miyezi yambiri: Gulfood imachitika kumayambiriro kwa chaka, Anuga mu October zaka zosagawika ndi 2, SIAL ya ku Paris mu October zaka zinazo. Komabe m'maofesi ambiri pempho la ulendo limazungulira pa matebulo mpaka kutsala sabata imodzi, mipando yotchipa itatha, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti nthawi zina matikiti otchipawo asapezeke nkomwe kwa olipira m'makwacha. Ma esiteti amene amagulitsa kunja ndipo ali ndi akaunti ya ndalama zakunja afunse ku banki yawo ngati angalipire tikiti kuchokera m'menemo. Mu lamulo lanu lembanimo kuti ulendo wodziwika uvomerezedwe kutatsala masabata 6, ndipo wochedwetsa siginecha alembe chifukwa chake pa fomu yomweyo.